Chingwe Chodutsa pa Zenera

Magetsi abwera wani koloko ya usiku.
Ndadziwira firiji ya a Daka,
yomwe imayamba yatsokomola isanang'ung'udze,
ndi agalu a kuno ku Chilenje
amene amauwa kuwala ngati mlendo.
Esinati sanatembenuke n'komwe.
Ndatuluka ndi patapata mmodzi, winayo sindinamupeze.

Chingwe chimagona m'buti, chitadzipinda.
N'chakuda, chonenepa ngati chala chamanthu,
pakati pake kabokosi ka diso limodzi.
Mamita asanu safika pabalaza,
ndiye galimoto ndimaiyimika mphuno ili m'maluwa a eni nyumba,
chingwe n'kukwera khoma,
n'kupyola zitsulo za zenera la kukhitchini,
n'kutsikira kuseri kwa ndowa
kukalanda malo a ketulo.

Diso lija lafiira.
Laganiza kaye.
Labiriwira.

Zenera silitsekeka tsopano,
ndipo udzudzu wauzana kale.

Atate ankayendetsa lole ya ku Chipata.
Dizilo ankamukoka ndi pakamwa pa paipi,
n'kulavulira pa tayala, n'kutukwana boma.
Tsiku lowasambitsa komaliza
ndevu zawo zinali zikununkhabe ulendo.
Akanandiona lero nditagwada pa simenti
kuyamwitsa galimoto
pa bowo lomwe timasitira yunifomu ya Lonjezo,
akanaseka mpaka kutsamwa:
“Yosatsokomola m'mawa, yosatulutsa utsi,
udzadziwa bwanji kuti yadwala?”
Sindinapeze yankho, Atate.
Ndimangoyang'ana kadiso.

Imamwa ngati diripi ya kuchipatala,
kadontho,
kadontho,
ine wodwazika pa mpando wa pulasitiki,
chitenje cha mkazi wanga pamapewa.

Thuu koloko itadutsa, chitseko cha nyumba yaikulu chalira.
A Daka, m'jasi la tchalitchi ndi kabudula.
Mita yathu ndi imodzi.
“Aphwanga, mayunitsi akutha ngati madzi m'dengu.”
Tawerenga manambala ndi tochi ya foni,
mitu itagundana,
ndalemba kumapeto kwa kope la masamu la mwana.
Tagwirizana, monga dzulo ndi dzana:
Lachinayi ndiwanyamula mayi awo kupita kukiliniki,
osalipira, osadandaula akachedwa.
Pobwerera ayima kaye, agwira galimoto pamsana
monga amagwirira ng'ombe ya mnzako.
“Ikumwadi?”
Ikumwa.

Ndinathawa khasu ku Katete ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.
Ndinati zoyang'ana mitambo ndasiyira amalume.
Lero wailesi ikati madzi atsika ku Kariba
mimba imandipota.
Mvula yogwa kutali, kumadzulo komwe sindinapondeko,
ndi imene idzazungulitse matayala anga
pa msewu wa Burma.
Ndakhalanso mlimi, Atate,
munda wanga ndi soketi ya mabowo atatu.

Faifi koloko isanakwane
firiji ya a Daka yameza mawu.
Mdima wabwerera pamalo pake ngati sunachoke.
Ndasuzumira m'galimoto: sikisite-wanu.
Ndawerengera pa zala.
Kabulonga, inde. Woodlands kawiri. Tauni, Matero, Kamwala.
Wa kubwalo la ndege akaitana madzulo
ndidzanama kuti tayala laphwa.

Lonjezo wadzuka, maso adakali omata,
akuti ntchito yopinda chingwe ndi yake.
Akuchikulunga pa chigongono monga ndinamuphunzitsa,
kenaka waima.
“Adadi, chikutentha ngati chamoyo.”
Wachiika pa tsaya.

Esinati wabwezera ketulo pa soketi
mwachizolowezi chabe,
wayang'ana, watsonya,
wapita panja kukakoleza mbaula.
Pa mkono pake ndawerenga zilonda zitatu za udzudzu.
Sananene kanthu. Adzanena Loweruka.

Ndabwerera m'mbuyo kutuluka pageti.
Nkhuku ya a Daka yakhala pakati pa njira,
ikutola zake,
sinandimve.
Ndatsitsa galasi
n'kuithamangitsa ndi pakamwa.